Loko yotsegula ndi chala: ine imandimvera, koma zala za bambo anga ikuzikana

Anthu angapo akhala akundifunsa za loko ija ndinaika pa kanyumba kosungiramo katundu kwathu ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, ena mpaka kundiimitsa pa msika kuti achimwene kodi zinthu zimenezi zimagwiradi ntchito kapena ndi zongotidyera ndalama, nde ndati bola ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Papita miyezi isanu ndi umodzi chiigulireni, yaona fumbi, yaona chisanu cha Juni ndi Julaye, ndiye zomwe ndikunena pano ndi zoti ndaziona ndi maso.

Chomwe ndinagulira ndi nkhani ya makiyi. Mu kanyumba kameneko mumakhala feteleza, mbewu ya mbatatesi, pampu yothirira kudimba ndi mankhwala opopera, ndipo kiyi inali imodzi yokha yomwe imayenda m'manja mwa anthu asanu, lero ili ndi bambo mawa ili ndi mlongo wanga, mkuja mwana wa achimwene wapita nayo ku sukulu m'thumba la kabudula anthu akudikira pa khomo dzuwa likukwera. Chaka chatha matumba awiri a feteleza anasowa chitseko chili chotseka bwinobwino, ndipo mpaka lero m'banja mwathu nkhani imeneyo sitiikamba momasuka chifukwa aliyense anagwirako kiyi ija. Ndiye nditapita ku Tete kukatenga katundu wina ndinaiona mu loja ina ya zamagetsi, kadeyado kooneka ngati wamba koma pansi pake pali kagalasi kakang'ono kozungulira koikapo chala. Ndinapereka 1,800 meticais, ndalama yoti ungagule maloko wamba angapo, koma ndinati basi ngati kiyi ikhale chala cha munthu palibenso wonena kuti ndinabwereketsa.

Ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo ndithu. Chitsulo chake ndi cholemera, si zija zopepuka ngati chitini cha nsomba. Batire ndinatchaja kamodzi ndi chingwe cha foni ndipo yandisunga miyezi itatu ndisanatchajenso, kwa ife amene magetsi amabwera ndi kupita izi ndi zofunika. Kulembetsa chala ndi kosavuta, umaika chala kangapo mpaka kagetsi kobiriwira kayake, basi yakudziwa. Ine, mkazi wanga ndi mlongo wanga imatitsegulira pompo, sipafika ndi sekondi imodzi yomwe. Ndinayesa kuitana anyamata a pa mpira apa kuti aliyense aikepo chala, onse inawakana, kagetsi kofiira basi. Inabweranso ndi timakiyi tiwiri tapadera, ndipo gwirani mfundo imeneyi chifukwa zina zomwe ndinaona mu loja muja zinalibe pa kiyi ndi pang'ono pomwe.

Vuto linayamba ndi mwini wake wa kanyumbako, bambo anga. Ali ndi zaka 74, khasu analiyamba ali mwana, agwirapo fodya, aumbapo njerwa, ndipo zaka zomwe tinali ku Dedza nthawi ya nkhondo ankagwira ganyu ya zomangamanga, simenti ndi laimu ndi manja opanda magolovesi. Tsiku lolembetsa tinayesa chala chachikulu chakumanja, kofiira. Chamkombaphala, kofiira. Tinayesa mwina maulendo makumi awiri mpaka chachikulu chija chinalowa, tonse tinasangalala, koma m'mawa mwake cha m'ma 5 koloko akufuna kutulutsa pampu loko inawakana ngati mlendo. Ndinawapeza ataima pa chitseko chikhoti chili pa phewa, mpweya ukutuluka ngati utsi ndi kuzizira, akupukuta chala pa buluku n'kuikanso, kupukuta n'kuikanso, ndipo mdzukulu wawo wa zaka 13 anangobwera kugunda kamodzi yatseguka. Sanayankhule kanthu nthawi imeneyo. Madzulo tikudya ndi pomwe anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi iwe, zala zangazi zatha eti? Nanga tsiku lina boma likadzafuna kundidziwa lidzandidziwa bwanji?" Ine ndinangoti, "Ayi bambo, musadandaule, ndifufuza," koma mtima unandiwawa zedi, chifukwa ndi ine ndinabweretsa chinthu chowachititsa manyazi pa khomo pawo pomwe.

Ndinaimbira foni mnyamata anandigulitsa uja, yankho lake linali loti madala asambe m'manja bwino. Apa ndiye pomwe ndikuwachotsera mamalikisi a loja imeneyo, chifukwa pogula ndinafunsa mwachindunji kuti kunyumba kuli munthu wachikulire kodi imugwirira, iye anati imagwira kwa aliyense. Komanso langizo lakelo ndi lobwezera m'mbuyo, chala chongosamba kumene ndi sopo chimauma kwambiri ndipo ndi pomwe makinawa amavutika kuchiwerenga.

Ndiye ndinayamba kuwerenga usiku pa foni, ndipo zomwe ndinapeza ndi zomwe zandipangitsa kulemba zazitali chonchi. Mizere ya pa chala imapangika mwana ali m'mimba, miyezi itatu kufika inayi ya mimba imakhala yayamba kale kukhazikika, ndipo kalembedwe kake kamachokera pansi pa khungu lakunjali. Ndi chifukwa chake ukapsa pang'ono kapena kusupuka mizere imabwerera momwe inalili, pokhapokha bala likhale lakuya ndi pomwe pamatsala chipsera, nachonso chimasanduka chizindikiro chako. Ngakhale mapasa ofanana nkhope zala zawo zimasiyana. Mzungu wina wa ku England, William Herschel, yemwe ankagwira ntchito ya boma ku India anayamba kudinditsa anthu dzanja pa mapangano mu 1858, ndipo ankadindanso zala zake zomwe n'kumasunga, patapita zaka zoposa 50 anafananiza n'kupeza kuti mizere ili pomwe inali. Ndiye kukalamba sikusintha kalembedwe ka chala ayi.

Chomwe chimasintha ndi khungu lomwe lanyamula mizereyo. Njira yomwe ndinawafotokozera bambo ndi ya kumunda chifukwa ndi yomwe tonse timaidziwa: munda wongolima kumene mizere imakhala yaitali, ngalande zakuya, ukaima patali ukuiwerenga umodzi umodzi. Ukausiya mvula n'kuumenya zaka ziwiri zitatu mizere imaphwa, dothi limadzaza m'ngalande, koma mwini munda akabwera amaona ndithu kuti mzere unadutsa apa n'kukhotera apo. Chala cha munthu wokalamba chili chomwecho. Khungu limapyapyala ndi kusiya kutanuka, mizere imafupika n'kutambalala, mipata ya pakati imachepa, thukuta ndi mafuta a m'thupi zimachepanso nde chala chimakhala chouma gwa, kenaka pamabwera timakwinya todula mizere mopingasa tomwe pa chidindo timaoneka ngati timizere toyera. Uwonjezerepo simenti, njerwa, kuchapa ndi sopo wamphamvu tsiku ndi tsiku, zimenezi zimapala mizere ngati sandipepa. Ndinawerenganso za amayi osenda makoroso (mtedza wa cashew), mafuta a m'chikamba chake amaotcha khungu la zala, ndipo ndi ntchito ya anthu ambiri uko ku Nampula.

Tsono kagalasi ka pa loko kaja sikajambula chithunzi ngati kamera, kamamva ndi magetsi ochepa kwambiri kusiyana kwa pomwe mzere wakhudza ndi pomwe pali mpata. Chala chikauma kwambiri sikamva bwino, chikanyowa kwambiri zonse zimangosakanikirana, ndipo kagalasiko ndi kakang'ono moti kamaona kachidutswa chabe ka chala, ngati pa kachidutswa kameneko padutsa makwinya awiri atatu basi chotsala chowerenga ndi chochepa. Apa ndinamvetsa chifukwa chake m'mawa wa Juni kuno ku Angonia inkakana kwambiri kusiyana ndi masana bambo akachokera kudimba thupi litatentha. Mwina anthu a ku Tete kapena ku Moatize komwe thukuta silisowa vuto lake lingakhale la chala chonyowa, ife kuno ndi kuuma.

Ndipo si bambo anga okha. Mu 2018 akatswiri a European Commission, bungwe la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, anafufuza zidindo za zala pafupifupi theka la miliyoni zotengedwa ku Portugal popanga ziphaso, ndipo anapeza kuti kwa okalamba zidindo zimanka ziipiraipira chaka ndi chaka, moti munthu wa zaka 70 chidindo chake chimavuta kuwerenga mofanana ndi cha kamwana ka zaka 4 kapena 5. Tangoganizani, amenewo ndi okalamba a ku Ulaya, ambiri mwa iwo sanagwire khasu zaka 60 ngati makolo athu kuno. Palinso mankhwala ena a khansa otchedwa capecitabine omwe amatha kufufuta mizere, mu 2009 madokotala analemba za bambo wina wa ku Singapore wa zaka 62 yemwe anamusunga maola angapo pa bwalo la ndege ku America chifukwa makina sanapeze chidindo pa zala zake.

Koma funso la bambo lija linali la boma ndi apolisi, osati la loko, ndiye Lamulungu lina ndinawapempha kuti tiyese tokha. Mu chikwama chawo chakale cha zikalata muli pepala la 1994, chaka chomwe tinali titangobwerera kumene kuchokera ku Malawi, logulira ng'ombe ziwiri za pa ngolo, lolembedwa pa pepala la m'kope pamaso pa anyakwawa, ndipo pansi pake pali chala chawo chachikulu cha inki yabuluu yomwe pano yayamba kufiirira. Ndinabwereka kabokosi ka inki ya chidindo kwa mnzanga, bambo anadinda chala chomwecho pa pepala loyera, maulendo anayi chifukwa awiri oyamba anangotuluka chibanthu, kenaka ndinajambula zonse ziwiri ndi foni pa dzuwa n'kuzikuza. Cha 1994 chinali choyera bwino, mizere yozungulira pakati ngati nkhata yosenzera mtsuko. Chatsopanocho chinali chotumbuluka, timizere toyera titatu tadula pakati ngati tinjira ta mbewa, m'mbali mwina simukuoneka kanthu, koma nkhata ija inalipo pamalo pake, ndipo chakumanzere kwake pomwe mzere umodzi umagawikana pawiri ngati mphanda ya legeni panalinso pomwepo pa zonse ziwiri. Tinapeza malo otero anayi, ife anthu wamba ndi foni chabe. Bambo anatenga foni ija n'kuiyang'ana nthawi yaitali ataiyandikiza ku maso, kenaka anaitana amayi kuti, "Tabwerani mudzaone, chala changa chija chilipo."

Zomwe tinachitazo ndi zomwenso akatswiri a zofufuza milandu amachita, kungoti iwo ali ndi zida ndi maphunziro. Sayang'ana kukongola kwa chidindo, amayang'ana timalo tomwe mzere wathera kapena wagawikana, n'kuona ngati tili pa malo ofanana pa zidindo ziwirizo, ndipo amadziwa kuti makwinya a ukalamba ndi obwera pambuyo nde sawawerengera ngati kusiyana. Njira imeneyi ndi yakale, mlandu woyamba wakupha womwe unagamulidwa ndi chidindo cha chala unali ku Argentina mu 1892, nthawi ya wapolisi wotchedwa Juan Vucetich. Masiku ano kompyuta ndi yomwe imayamba kusefa n'kupereka zidindo zoyandikira, kenaka munthu amatsimikiza ndi maso. Mu 2015 akatswiri awiri a ku Michigan State University ku America, Soweon Yoon ndi Anil Jain, anafufuza zidindo za anthu 15,597 omwe apolisi a ku Michigan anawadinda mobwerezabwereza kwa zaka 5 mpaka 12, ndipo anapeza kuti zaka zikamatalikirana mamalikisi omwe kompyuta imapereka pa kufanana kwa zidindo amatsika pang'ono ndithu, koma munthu amadziwikabe, ndipo chomwe chimaononga kwambiri ndi chidindo chotengedwa moipa kuposa zaka zomwe zadutsa. Ichi ndi chomwe chinandikhazika mtima pansi pa nkhani ya BI ya bambo, chiphaso chawo cha unzika, chifukwa ku maofesi amatenga zala zingapo pa makina a galasi lalikulu, pali nkhope, pali dzina ndi zikalata zina, si kachidutswa kamodzi ka chala ngati pa loko yanga.

Komabe pali mbali ina yomwe ine imandidetsa nkhawa. Chidindo chomwe munthu amasiya pa botolo kapena pa chitseko ndi thukuta ndi mafuta a pa chala, nde wokalamba wa zala zouma amasiya chofooka kapena osasiya n'komwe. Izi zikutanthauza kuti kusapezeka kwa chala cha munthu pa malo si umboni woti sanafikepo, komanso gogo wosokonezeka mutu akasochera kapena akapezeka atamwalira kutali ndi kwawo, zala zake zitha kuvuta kuwerenga nthawi yomwe abale akufunitsitsa yankho. Ndipo chidindo chikakhala chosaoneka bwino ngakhale akatswiri amalakwitsa. Mu 2004 mabomba ataphulika mu sitima ku Madrid, a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, ananena kuti chidindo cha pa jumbo ina chinali cha loya wina wa ku Oregon, Brandon Mayfield, anamutsekera pafupifupi milungu iwiri, kenaka apolisi a ku Spain anapeza kuti chinali cha munthu wina wa ku Algeria. Ngati anthu a zida zonse aja anaphonya pa chidindo chosakwanira, ndiye ife tisamafulumire kuweruza munthu chifukwa choti makina anena, kaya avomera kaya akana. Ndikunena izi chifukwa ndamvapo anthu pa mizere ya ku maofesi akunong'onezana kuti gogo uyu makina amukana ndiye kuti chiphaso si chake, kapena zina zoipa kuposa apo zomwe sindikufuna n'kuzilemba komwe, pomwe nkhani yake ndi ya khungu basi.

Tibwerere ku loko. Zomwe zatithandiza ndi izi, ndipo ndinazipeza moyesayesa. Tinasiya chala chachikulu ndi chamkombaphala chifukwa ndi zomwe zimagwira mpini, tinalembetsa cha mphete chakumanzere chomwe mizere yake ikuonekabe bwino, ndipo chala chimodzi chomwecho ndinachilembetsa katatu ngati anthu atatu osiyana, kamodzi chowongoka, kamodzi chopendekera uku, kamodzi uko. Tinalembetsa m'mawa kukuzizira, nthawi yomwe iwo amatsegula kwenikweni, osati masana. Asanaike chala amachiuzira mpweya wa m'kamwa kapena kuchipaka pa mphumi pomwe pamakhala timafuta, ndipo asamakanikize mwamphamvu chifukwa khungu lofewa la ukalamba likakanikizidwa mizere imaphwatalala n'kugundana. Usiku amayi amawapaka glisilini pang'ono m'manja. Ndi zonsezi pano pa maulendo khumi imatsegula mwina asanu ndi awiri, ndawerenga ndekha kwa milungu iwiri. Ndi bwinoko, koma loko ya pa khomo pako yoti katatu pa khumi ikukane si yoti ndingaiyamikire ndi mtima wonse.

Zina zing'onozing'ono: fumbi la Ogasiti likakhala pa kagalasi imakana aliyense, nde muzipukuta ndi kansalu kouma. Ndinaikhomera kachidutswa ka tayala pamwamba kuti mvula ikadzayamba isamaimenye mwachindunji, ngakhale pa bokosi analemba kuti siopa madzi. Kapepala ka malangizo kanali ka Chingerezi ndi Chitchaina chokha, Chipwitikizi mulibe, moti mlongo wanga sakanatha kuikonza yekha. Ndipo siisunga mbiri ya yemwe watsegula, ine ndinkaganiza kuti izindiuza, ayi, imangochepetsa anthu otha kulowa basi.

Ndiye pa 5 ndikuipatsa 3. Ngati ogwiritsa ntchito ndi achinyamata kapena anthu a ntchito za mu ofesi, gulani simudzadandaula. Ngati pakhomo pali agogo, amisiri omanga, oumba njerwa, kapena amayi ochapa zovala za anthu, pitani nawo ku loja akayese chala chawo pomwepo musanatulutse ndalama, ndipo yopanda kiyi yapadera musaigule ngakhale akutsitsireni mtengo bwanji. Wogulitsa akakana kuti muyese tulukani mukaone kwina.

Kwathu kuno kiyi imodzi mwa ziwiri zija ndinaimangirira pa chingwe n'kuwapatsa bambo, amaivala m'khosi mkati mwa malaya, inayo ili ndi amayi. Amayambabe ndi chala, kuuzira mpweya kawiri n'kuika, ikakana kawiri amatulutsa kiyi osadikiranso mdzukulu. Pepala la 1994 lija ndi latsopano lija anazipinda pamodzi n'kuzibwezera m'chikwama cha zikalata, ndipo andiuza kuti mwezi wa mawa tikamapita kukakonzetsa BI yawo tidzanyamule botolo la glisilini.